Dzanja la Amayi Aakulu ndi Penti ya Buluu

Luso limeneli ndinalionera kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Loughborough, kuno ku Mangalande. Kunkabwera mzungu wina kudzaphunzitsa agogo aja kupenta matabwa a mbali zinayi zofanana, kuwagawa timabokosi ndi tingodya tamitundumitundu ngati nsalu yolumikiza zigamba. Amati barn quilt, ndipo alimi amapachika pamakoma a makola awo. Ine nditaona ndinati basi, izi ndikaphunzitsa azimayi a kutchalitchi kwathu ku Leicester. Tatopa nako kumangosonkhana pamaliro.

Ine ndikagwira chinthu sindisiya. Ndinavutitsa bambo a kunyumba mpaka anadula matabwa kuseri, akung'ung'udza. Ndinapeza holo ku Evington Loweruka masana, ndinagula penti, mabulashi ndi tepi yapepala. Pagulu lathu la pafoni ndinalengeza mpaka anthu anayamba kunditcha aphunzitsi. Ankandiseka, koma anabwera ndithu. Ena anachokera kushifiti yunifolomu ili m'thupi, ndipo anzathu a ku Zambia anakwera sitima kuchokera ku Nottingham atanyamula zitumbuwa zomwe palibe anawatuma.

Anabweranso amayi aakulu. Amenewa ndi namwino amene anafika kuno ambirife tisanalote n'komwe za ndege, ndipo ine ndemwe ndinagonapo pabalaza pawo nditangofika. Chaka chapitacho anadwala sitiroko. Anachira, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera, ndipo ankalibisa m'chitenje chomwe ankafunda paphewa. Ngakhale tiyi anasiya kumwa pagulu. Tsikulo mwana wawo wamkazi anachita kuwakakamiza kuti atuluke m'nyumba.

Azimayi anawalandira mwachikwathu, kuwakhazika patebulo lakutsogolo ndi kuwasankhira thabwa losalala kuposa onse. Ine ndinajambula mizere ndi pensulo, ndinamata tepi pathabwa lililonse, ndinafotokoza zonse, kenako ndinaomba m'manja. "Tiyeni, tiyambepo!"

Zii. Palibe anakhudza bulashi.

"Atiyambire amayi," anatero mayi wina wa kwaya. "Ife tingayambe bwanji akuluakulu asanayambe?"

"Eya, atitsegulire amayi!" onse anavomera.

Abale inu! Ndi mmene tinaleredwera, kusamba m'manja ndi kudya komwe amayamba ndi wamkulu. Koma tsiku limenelo ulemu wathuwo unali nkhanza yeniyeni. Holo yonse inali maso pachitenje chija, kudikira dzanja limene mwiniwake sankafuna kuti lioneke.

"Ine ndangobwera kudzaonerera, ana inu," anatero amayi motsitsa mawu, dzanja lamanzere likufufuza chikwama pansi pa mpando. Ndinadziwa kuti akatuluka pakhomo paja ndi manyazi amenewa, sitidzawaonanso pagulu lililonse. Mtima unandipsa. Ndinkafuna kukalipira aliyense, koma munthu ungamukalipire bwanji chifukwa cha ulemu?

Ndinagwada pambali pawo. "Amayi, mwaiona tepiyi? Anaipangira anthu ngati ine, osatha kuwongola mzere. Inu ingopakani. Mudutsitse, mumwaze, muwononge mmene mungathere."

"Iwe, usandichititse manyazi," anandinong'oneza. "Dzanja ili limachita zake."

"Lichite zakezo, amayi. Zikaipa, thabwali tinena kuti ndi langa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndi diso lija ankayang'ana nalo anamwino achichepere akachedwa. Kenako dzanja linatuluka. Linali lowonda kuposa mmene ndinkalikumbukira. Ndinaviika bulashi m'penti ya buluu n'kuwapatsa. Mayo, bulashi ija inavina! Penti inagwera patepi, patebulo, pamkono wa bulauzi yanga yatsopano. Mwana wawo anatembenukira kukhoma. Mayi wa kwaya uja, nzeru zitamubwerera, anayambitsa nyimbo chapansipansi, ndipo aliyense anawerama pathabwa lake n'kuyamba kupaka. Maso anachoka pa amayi.

Atamaliza, thabwa lawo linkaoneka ngati padutsa nkhuku zonyowa. Iwo anangoti, "Waona?" Ndinatenga makina oumitsira tsitsi omwe ndinabwera nawo, ndinaumitsa pentiyo, ndikuda nkhawa, chifukwa tepi ukapanda kuitsindika bwino penti imalowa pansi, ndipo ndinali nditamata mothamanga.

"Matulani nokha, amayi."

Zala zinavutika kugwira nsonga ya tepi. Anakana kuti ndiwathandize. Atagwira anakoka pang'onopang'ono, tepi ikunjenjemera limodzi ndi dzanja, ndipo zonyansa zonse zija zinanyamuka nayo. Pansi panatsala ngodya ya buluu yowongoka bwinobwino, yakuthwa, yopanda kadontho kolowerera. Anamatula yachiwiri. Chimodzimodzi.

Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma nthungululu zinaphulika moti bambo woyang'anira holo anasuzumira pakhomo akuganiza kuti kwagwa ngozi. Azimayi anasiya matabwa awo, kuvina mozungulira tebulo, mabulashi m'mwamba, penti ikudonthera pansi pomwe ndinalonjeza kuti tipasiya poyera. Ine ndinkalira poyerayera, osabisa.

Mwana wawo anabwera ndi kansalu konyowa kuti awapukute, pakuti dzanja lonse linali buluu mpaka pamkono. Amayi anakankhira kansaluko kumbali. Dzanja analisiya patebulo pomwepo, likunjenjemera aliyense akuona, ndipo anakweza mawu mpaka kumbuyo kwa holo anamva.

"Iwe mphunzitsi, ukulira chiyani? Mata tepi ina apa. Ndikufuna yachikasu."