Alamu anga oyambira kumapeto

Alamu anga a Evaristo Banda ali ndi khalidwe limodzi limene ndalimbana nalo chikwatirireni akulu anga a Ireen, amake Collins. Mowa samwa, kutchalitchi sajomba, munthu wabwinobwino. Koma apatseni buku lachilendo muone! Amanyambita chala n'kuthamangira tsamba lomaliza. Akadziwa amene wafa ndi amene wakwatiwa, mtima umakhala pansi, ndiye amabwerera koyambirira.

"Alamu, uku n'kuba," ndinkatero ine. "Wolembayo anavutikiranji kuika zinthu m'malo mwake?"

"Iwe Pamela, ine sindifuna kukonda munthu woti andifere panjira. Ndikadziwiratu, ndimamukonda mochenjera."

Ankagwira ntchito pachigayo china kuseri kwa msika pa Sinda. Magetsi akazima, anthu ochokera kutali sabwerera kwawo, amangokhala pamatumba awo kudikira. Nthawi imeneyo alamu ankasasa ufa m'manja n'kutulutsa ndowa yapulasitiki yachivundikiro, mmene ankabisira mabuku awo fumbi ndi chiswe. Ena anagula kwa ogulitsa oyala pansi ku Katete, ena anawapulumutsa kwa amayi ogulitsa zitumbuwa zikuto zitapita kale.

Ndowa imeneyi ndiyo inatisonkhanitsa. A Luka, mlimi wa thonje amene amabwera pangolo, amakonda za mbiri yakale, ndipo amawerenga milomo ikugwedera, pamene alekezera amaikapo khoko la chimanga. Ine zanga n'zachikondi, sindibisa, ndipo ndimalira mpaka mphuno kutsekeka. Akulu anga amati zilembo zimawagoneka tulo, koma munthu wina akamawerenga mokweza amaleka kuswa nsawa. Lamulo la alamu linali limodzi: pobweza buku unene chimene chakukhudza. Ukangoti "linali bwino", ankakubwezera kuti sunawerenge.

Ndiye chaka china maso a alamu anayamba kuvuta. Poyamba ankati osindikiza amasiku ano akuumira inki. Kenako ankatuluka nalo buku padzuwa, kulisendeza mpaka pamphuno. Tsiku lina ndinawaona atagwira buku nthawi yonse imene magetsi anazima, osatembenuza tsamba ngakhale limodzi. Pomaliza anakankhira ndowa ija kwa a Luka.

"Tengani, achimwene. Kwa ine yangokhala mpando."

Zinandiwawa, abale. A Luka anaikana, koma tsiku limenelo palibe amene anatenga buku.

Kukiliniki anawauza kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo kuchipatala chachikulu amachotsa. Alamu anakana kwamtuwagalu. Mwini chigayo anapeza munthu wina, iwo n'kumangokhala pakhonde. Akulu anga anawanyengerera mpaka mawu kutha.

"Amake Collins," ankatero, "panopa ndimaonako chithunzithunzi chanu mukamadutsa pakhomo. Nanga mpeni ukalakwa, n'kutaya n'kameneko? Wina andiuze mmene zithere, ndipita."

Adokotala anali atanena kuti ambiri amaona, koma kulumbira anakana. Ndipo anachenjeza kuti ng'alayo ikamakula, n'kachithunzi komweko kadzatha.

Ine ndili ndi mutu wouma, anthu amandidziwa. Nditapita kukapikula tomato ku Katete ndinapeza buku lopanda chikuto limene palibe mwa ife analiwerengapo. Ndinafika nalo pakhonde paja masana, a Luka n'kubweranso.

"Yambira kumapeto," anatero alamu.

"Maso ndi anga. Tiyambira kumene ndifuna ine."

Anadandaula, koma anamvetsera. Inali nkhani ya mtsikana wina dzina lake Tamara, amene anakwera lole kukasaka mlongo wake wosowa kumigodi. Masana aliwonse ndikatseka malonda ndinkabwera kudzawerenga. Munthu amene ankati amakonda mochenjera uja anagwa m'chikondi osadziwa. Tamara akakhulupirira munthu wachinyengo, alamu ankamenya ndodo pansi: "Iwe mwana, usakwere galimoto imeneyo!" Akagona ndi njala, iwonso chakudya chinkawakanika. Tsiku lililonse ankandinong'oneza kuti ndisuzumireko kumapeto, ine n'kumangowaseka.

Tinafika pamene Tamara waima pakhomo la nyumba imene anamuuza kuti mlongo wake alimo, wamoyo kapena ayi, palibe akudziwa. Wakweza dzanja kuti agogode. Apo ndinapempha khoko la chimanga kwa a Luka, ndinaliika pakati, ndinatseka buku.

"Nanga bwanji? Pitiriza!"

"Ine ndalekera pomwepa. Zotsalazo mudzatiwerengera ndinu."

Sindinawaonepo atakwiya chotero. Ananditcha wankhanza, anati ndikusewera ndi munthu wolumala. Anatembenukira kwa a Luka kuti awerenge iwo.

"Pepani, achimwene," anayankha a Luka. "Tapangana. Ine sindisuzumira, a Pamela sasuzumira, amake Collins ndiwo asunge bukulo m'sutikesi. Tonse tidikira inu."

Ndinapita kwathu. Kunena zoona ndinkaopa. Pakamwa panga m'polimba, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti opaleshoniyo ikalephera ndidzawayang'ana bwanji akulu anga. Komanso Tamara uja ankandisowetsa mtendere inenso. Masiku anapita alamu osandilankhula. Ndikapereka moni ankayankha ngati akuyankha wokhometsa msonkho.

Ndiye m'mawa wina ndikuyala tomato ndinaona akulu anga akudutsa kulowera kumsewu waukulu, chikwama kumutu, alamu atawagwira pachigongono, atavala jekete lawo lapatchalitchi. Anaima pabenchi langa.

"Pamela, ndikupita. Koma ukasuzumira ndidzadziwa."

Minibasi itanyamuka ndinalira pamaso pa makasitomala.

Anawachita opaleshoni diso limodzi, linalo anati lidikire. Akulu anga amasimba kuti atachotsa bandeji alamu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti, "Amake Collins, imvi zonsezi zinabwera liti?" Akuti anaseka onse awiri mpaka anamwino kudzawaletsa.

Diso litapola ndipo atalandira magalasi, tinakumana pachigayo paja magetsi atazima. Anthu anali mbwee pamatumba awo, chifukwa nkhani ya khoko la chimanga inali itamveka msika wonse. Akulu anga anamasula bukulo m'chitenje n'kuwapatsa. Alamu analisisita, ananyambita chala, ndipo chalacho, mwachizolowezi chake, chinathamangira kumapeto. A Luka anatsokomola. Ine ndinangoluma mlomo.

Chala chinaima pakona ya tsamba lomaliza. Kenako chinabwerera pang'onopang'ono mpaka pakhoko paja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, diso lija likunyezimira misozi.

"Pamela, zoona sukudziwa mmene zithere?"

"Sindikudziwa, alamu."

"Nanenso sindikudziwa," anatero. "Sendera kuno, mlamu wanga. Tiye timugogodere mwanayu."