Mipeni m'Thumba la Nandolo

Amuna anga ankakonda mipeni. Sanali opha nyama, sanali osema, ankangoisonkhanitsa. Akamva kuti kwinakwake kuli nkhalamba yosula zitsulo, ankapalasa njinga tsiku lonse kukaifuna. Unalipo mpeni umene agogo awo anabwera nawo kuchokera ku Mozambiki, wachigwiriro cha nyanga. Unalipo wina wautali wozingira mbuzi umene anapatsidwa ndi mnzawo wachisilamu wa pa Ntaja, ndiponso timipeni topindika ta asodzi a ku Chilwa. Pomwalira anasiya mipeni khumi ndi inayi, uliwonse m'chimake cha chikopa cha mbuzi.

Iwo kwawo kunali kwa Nsamala ku Balaka, kwathu kuno kufupi ndi Ntaja anangobwera kudzakwatira. Maliro atatha, achimwene awo aakulu, amene sayenda chifukwa cha miyendo, anatumiza mawu akuti mipeniyo ibwerere kwawo kwa mwini wake. Ana anga ali kutali. Wonyamula ndinali ine.

Nthawi imeneyo kunali mphekesera zoti kukuyenda anthu achilendo ocheka anzawo. Sindinaonepo wochekedwa, koma tinkamva kuti kumudzi wina anamenya mlendo mpaka kufa chifukwa cha chikwama chimene anakana kutsegula. Kusunga mipeniyo m'nyumba ndinkaopa. Kuyenda nayo ndinkaopanso.

Ndinalakwa pawiri. Poyamba ndinaitsuka ndi sopo pamodzi ndi zikopa zake, monga timachitira ndi katundu wa malemu. Zikopazo zitauma padzuwa zinakhwinyata, mipeni osalowanso. Ndiye ndinaikulunga m'chitenje chakale yosavala kanthu, n'kuikwirira pakati pa thumba la nandolo. Ndinaganiza kuti mayi wonyamula nandolo palibe amamuyang'ana kawiri.

Kuchokera pa Ntaja ndinayenda bwino. Pa Liwonde ndinatsika kuti ndikwere minibasi ya ku Balaka. Kondakitala anali bambo wamkulu ndithu, wanthabwala.

“Amayi, nandolo ameneyu mwathiramo miyala kuti alemere pasikelo eti?” anatero akunyamula.

Ndinaseka mongodzikakamiza. Thumba linakana kulowa pansi pa mpando, iye n'kulikankha ndi chikhatho mwamphamvu. Anakuwa. Potulutsa dzanja magazi anali akuyenderera mpaka pachigongono, ndipo pathumbapo panatuluka nsonga ya chitsulo.

Anakokera thumba panja n'kulikhuthula. Nandolo anamwazika pamsewu, chitenje chinamasuka, mipeni yonse poyera, padzuwa la masana.

Sindinadziwe kuti anthu angasonkhane msanga chotero. Ogulitsa nsomba, akabaza, apaulendo, onse anandizinga.

“Ndi omwe aja! Masiku ano akutuma azimayi!”

“Taonani nkhope ngati ya kutchalitchi, kumtima kuli mipeni!”

“Amayi, nenani anzanu ali kuti!”

Ndinati ndi ya amuna anga. Wina anafunsa kuti amuna angawo ali kuti. Ndinati anamwalira. Bambo wina anaseka, nati, “Munayambira iwowo?” Ena anaseka naye, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. Ndinaona munthu akuwerama kutola chidutswa cha njerwa. Wina anafunsa kuti bwanji ndinabisa ngati ndi ya malemu. Ndikanati ndimaopa inu nomwe, akanamva?

Ndinakhala pansi pa nandolo wanga. Ndinayamba Tikuoneni Mariya koma mawu anandithawa pakati. Chimene ndinkaganiza n'chakuti ana anga adzamva pa wailesi.

Wina anandikoka kumbuyo, duku n'kugwa. Mutu wanga unali wometa, tsitsi litangoyamba kumera ngati udzu wa mvula yoyamba. Mayi wina wogulitsa chambo chouma, wonenepa, wa mawu aakulu, anadutsa pakati pa anthuwo n'kundigwira pamutu ndi dzanja lake lonunkha nsomba.

“Mwameta liti, asisi?”

Ndinati papita masabata atatu.

“Anadwala nthawi yaitali?”

Ndinati miyezi iwiri, chifuwa.

Anatembenuka. “Inu abambo a njerwa, amayi anu sanametepo? Munthu wocheka anzake amayamba wameta mpala wa maliro? Iyayi, tachokani apa.”

Sanachoke. Koma phokoso linatsika pang'ono. Mayiyo anatola mpeni wa nyanga uja n'kundifunsa kuti uwu ngwachiyani. Ndinayankha. Anatola wina, ndinayankhanso. Nkhalamba ina ya kofiya inayang'ana wozingira mbuzi uja, n'kunena m'Chiyao kuti kasulidwe kameneka nkakale, masiku ano kulibe. Anthu ena anayamba kuyang'ana mipeni m'malo moyang'ana ine. Wa njerwa uja sindinamuone pochoka.

Kondakitala anali atamanga dzanja ndi nsanza. Ndinagwada n'kupepesa. Anangoti mipeni yanga isalowe m'galimoto mwake, ndipo sindinamuone kulakwa. Mayi wa chambo anandipatsa katoni, tinaikamo mipeni n'kumanga ndi chingwe. Anayenda nane mpaka pa minibasi ina, nauza dalaivala mokweza kuti onse amve, “Awa ndi anamfedwa, m'katonimu muli mipeni ya amuna awo, akukatula kwawo.” Nandolo ndinamusiya pamsewu pomwepo.

Ndinakhala kumbuyo, katoni pamiyendo. Mpando wa pambali panga unakhala wopanda munthu mpaka titawoloka Shire. Mipeni inkalira m'katonimo, ndipo ndinkaikanikiza ndi zigongono kuti isamveke.

Kwa Nsamala ndinafika dzuwa litapendeka. Alamu anga anali pakhonde. Anatsegula katoni n'kuyala mipeni pamkeka umodziumodzi. Anandifunsa kuti zikopa zake zili kuti, ndinawauza. Anafunsa ngati ndayenda bwino. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma kunatuluka kulira, kumene sikunatuluke ngakhale pa tsiku la maliro. Iwo anaganiza kuti ndikulira mng'ono wawo, ndipo ndinawasiya aganize choncho.

Pobwerera sindinatsike pa Liwonde. Ndinapempha dalaivala anditsitse patsogolo, kopanda anthu, ndipo ndinadikira galimoto ina pamenepo ndili chiimire.