Chitenje chimene ndinakumangani kumaso

Ba Chanda, amuna anga, lero ndatsegula chitini chanu cha masiga, ndudu zonenepa zija munkagulitsa kwa mabwana m'tauni. Kasiponji kam'katimo ndakapeza katauma gwa. Ndakadonthezera madzi pang'ono monga munkachitira, paja munkati madzi akachuluka fodya amachita nkhungu, akachepa amafumbutuka m'manja. Fungo lake litangondimenya m'mphuno, ndapezeka ndili m'bala ija ya ku Matero, masana a Loweruka lija.

Anzanu ankakutsutsani kuti simungazindikire siga ndi pakamwa pokha, osaiona. Inu munaseka nkuti, "Amake Mwila, nimangeni chitenge kumenso, baone." Ndinakumangani, nanenso ndikuseka. Atakuyatsirani siga, munakoka utsi, nkuusunga m'kamwa, nkutchula dzina la sigayo, bala yonse m'manja phwaphwaphwa! Apo mpamene chidakwa chija munachikalipira chifukwa chopisa manja amowa m'chitini chinadzera kumbuyo kwanu. Chinakuphwanyirani botolo m'mutu, chotsalacho nkukubayani nacho pakhosi. Magazi anathovokera patebulo, pa masiga, pamapazi panga. Munagwa zala zanu zikufunafuna mfundo ya chitenje kunkhongo, ndipo munatsirizika musanaone ndi nkhope yomwe ya wokuphaniyo. Apolisi atafika, anzanu aja, agalu amene ankasuta fodya wanu waulere, onse anati sanaone kanthu. Mpaka lero amamwera pomwepo, ndikamadutsa amaweramira m'matambula. Sanaone kanthu! Chikhalirecho womangidwa kumaso m'bala monsemo munali inu nokha, ba Chanda.