Mlatho Wofiira Tinauwolokera ku Al Qusais

Ndikukumbukira chipinda chathu cha ku Al Qusais chaka chimene kolona anatseka Dubai. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Tinkakhala atatu, ine, Amama ndi Ababa, m'fulati imene tinkagawana ndi mabanja ena awiri. Khitchini inali ya tonse, ndiye fungo la anyezi wathu linkasakanikirana ndi la zokometsera ndiwo za Amwenye a chipinda chapakati. Pawindo tinazolowera kuona ndege zikutera motsatizana, koma miyezi imeneyo kumwamba kunangoti zii, mpaka tinayamba kumva kulira kwa nkhunda.

Ababa anali dalaivala wa hotela ina, ntchito yawo kukatenga alendo ku eyapoti. Munthu wokonda macheza ngati iwo sindinamuonepo. Mlendo akakwera galimoto yawo, pofika ku hotela amakhala ataulula kwawo, maina a ana ake, ngakhale matenda a apongozi ake. Tsiku lina mzungu wina wokalamba anawasiyira kapepala kopinda ka mapu a San Francisco, kokhala ndi chithunzi cha mlatho wofiira. Ababa anakamata pakhoma pambali pa kalendala ya nthawi za mapemphero a swala, ndipo kuyambira pamenepo mphotho ya chilichonse inali San Francisco. Ndikakhoza mayeso, ankalonjeza kudzanditengera kumeneko. Amama akaphika pilawu wokoma, nawonso ankalonjezedwa ulendo womwewo. Iwo ankangoyankha kuti "Inshallah," ndi kamawu kaja kotanthauza kuti usavutike n'kusita zovala.

Kenako Ababa anayamba kukhosomola. Atawayeza anawapeza ndi kolona, ndipo kunabwera basi kudzawatenga kupita kumalo osungirako odwala, kutali kuseri kwa mafakitale. Ife awiri anatilamula kuti tisatuluke m'chipinda. Ndinali nditamva kale za dalaivala mnzawo wa ku Pakistan amene anakwera basi ngati yomweyo osabwereranso. Chifukwa cha mantha ndinasiya kudya. Masiku atatu ndinkangomwa tiyi, ndipo Amama atatopa kundinyengerera anakandinenera kwa Ababa pafoni.

Mawa lake masana Ababa anaimba foni ya vidiyo. Maso anali ofiira, koma pakamwa panali pomwe paja.

"Asiyatu, longedza. Yalla, fulumira, mawa tikunyamuka ulendo wa ku San Francisco."

Ndinayang'ana Amama, ndikuganiza kuti kutentha thupi kwawafika Ababa m'mutu. Koma munthuyo anali atakonza zonse. Ine nditsegule laputopu ya kusukulu, ndilowe m'mapu aja oonetsa msewu ngati waima pomwepo, foni ndiitsamiritse pa chitini cha mkaka kuti iwo aziona. Dalaivala akhala iwo, ine ndingowabwereka manja.

Ndinafuna kuyamba pompo, koma anakana. Anati ulendo sayamba ngati wakuba. Choyamba ndisite diresi langa la pa Idi. Chachiwiri Amama akazinge mtedza, awiritse mazira, chifukwa mwana wa munthu sanyamuka wopanda kamba. Chachitatu, chimene chinandichititsa manyazi koposa, ndikatsanzike kwa aneba. Poti kutuluka kunali koletsedwa, ndinagogoda pakhoma la Anti Bwalya, mayi wa ku Zambia amene ankagwira ntchito mu saluni.

"Anti, ndati nditsanzike. Mawa tikupita ku Amereka."

Kunamveka kuseka kogwedeza khoma.

"Iwe ka Asiyatu, na lokidauni yamene iyi? Chabwino, muyende bwino mwana wanga. Ukanibweretseleko kakudya ka kwamene uko!"

Tinanyamuka titapanga dua, pemphero la paulendo. Tisanadutse ngakhale misewu iwiri, Ababa analamula kuti tiime tidye kamba, poti kamba sabwerera kunyumba, ukabwera naye ndiye kuti wanyoza wophika. Ndinasenda dzira ndikudya iwo akuyang'ana, kenako lachiwiri. Panapita zaka ndisanazindikire kuti ulendo wonsewo anaukonzera mazira amenewo.

Mzinda uja ndi wa zitunda, abale. Misewu imakwera ngati ikupita kumwamba, nyumba zopaka utoto wa mitundumitundu zitagundizana mapewa. Tikafika potsetsereka Ababa ankakuwa, "Handibuleki, mwana iwe, handibuleki!" Ndikadina mofulumira ankafunsa kuti laisensi ndinaigula kwa ndani. Tinatsika kamsewu kokhotakhota kodzadza maluwa, iwo akudandaula kuti amene anakajambula anali asanagwirepo chiwongolero. Anthu a m'zithunzizo nkhope zawo zinali zofufutidwa, ndipo Ababa anagamula kuti anthu akumeneko ndi amanyazi. Komabe ankawapatsa moni mmodzimmodzi.

Tsiku lachiwiri lonse linathera kufunafuna munthu wakwathu, poti ukafika kuchilendo umayamba wapeza wakwanu. Tinamupeza pafupi ndi sitolo ina, bambo wonyamula jumbo, ataweramira kutsogolo pokwera chitunda. "Uyo ngwa ku Ntcheu," anatero Ababa, "taona kayendedwe." Amama, amene ankanamizira kupinda zovala, anaseka mpaka kukhala pansi. Tsiku lina tinafika kudoko, tinaona zinyama zonenepa za m'nyanja zitagona pamatabwa ngati matumba a chimanga onyowa.

Koma nsonga yofiira ya mlatho ikangoonekera kuseri kwa nyumba, Ababa ankati ndikhote. "Mlatho ngwa tsiku lomaliza. Umenewo tidzawoloka nditakhala pambali pako, osati m'chitini cha mkaka."

Ndinkaona kuti mawu awo akufupika. Nthabwala imodzi ankaidula pawiri kuti apume. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anaimba ali ndi kapaipi m'mphuno, akuti ndi fasho ya ku Amereka. Tsiku lotsatira ndinavala diresi langa, mtedza uli m'mbale, foni ili pa chitini, koma sinalire. Madzulo ake Amama anauzidwa kuti Ababa awasamutsira kuchipatala chachikulu ndipo sangathe kuyankhula.

Ndinatsegula laputopu ndekha, ndinayenda mpaka pakamwa pa mlatho, n'kuima pomwepo. Zitsulo zofiira zinali patsogolo panga, nsonga zake zitalowa m'chifunga. Mumtima mwanga ndinatsimikiza kuti ndikangodina kamodzi n'kuwoloka ndekha, Ababa sabweranso. Zinali zachibwana, koma ndinazikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndinalira kwambiri. Amama sanandiseke. Anangoyang'ana pagalasi la laputopuyo nati, "Yaima bwino galimotoyo. Isiye choncho, mwini wake akubwera." Masiku onse otsatira ankapukuta tebulo mozungulira laputopuyo, osaitseka. Kamba ankaphikabe, ndipo ndinkadya, poopa kuti dalaivala akamva andikalipira.

Ababa anabwera patatha milungu itatu. Anali ataonda mpaka lamba anachita kumubowola bowo lina, ndipo kuchoka pakhomo kufika pabedi anapuma kawiri. Atasamba anaitanitsa chikwama chawo, akuti munthu wochokera kuulendo salowa m'nyumba chimanjamanja. Anatulutsa timapaketi ta jamu, tija amapereka ndi buledi wam'mawa kuchipatala. Kuyambira tsiku limene anatha kudzuka, buledi ankadya wouma, jamuyo n'kumabisa m'sokosi.

"Jamu wa ku San Francisco ameneyu," anatero. "Kuno simungamupeze. Tiwiriti kapereke kwa Anti ako, anaitanitsa."

Anti Bwalya analandira ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe, akufunsa ngati kumeneko kukuzizira.

Mlatho tinawoloka masana omwewo, atatu, Amama atakhala kumbuyo pabedi ndi mbale ya mtedza. Ababa anagwira dzanja langa pa laputopu, tikudina pang'onopang'ono. Pakati penipeni anati tiime tione nyanja. Ndinadziwa kuti akufuna kupuma, ndiye ndinayang'ana nyanjayo nthawi yaitali, phewa langa litagunda lawo, ndikumva mpweya ukulowa ndi kutuluka. Titafika kutsidya anati, "Khalas, basi, tafika," ndipo Amama anaimba nthungululu mpaka Amwenye aja anatuluka kudzaona.

Lero Ababa anabwerera kwathu ku Machinga, akuphunzitsa anyamata kuyendetsa galimoto. Ine ndinatsala, ndimagwira ntchito yolandira zikwama pa eyapoti yomwe ija. Ndege zinayambiranso kutera motsatizana, ndipo anthu amawoloka nyanja ngati akupita kumsika: osasita, osatsanzika, opanda ndi dzira lomwe m'thumba. Nthawi zina ndimawamvera chisoni. Kapaketi kamodzi ka jamu ndikadali nako m'sutikesi, kanada kalekale.

Mwezi wathawu mayi wina wopita ku San Francisco anandifunsa ngati ndinafikako. Ndinamuuza kuti inde, ndinapita ndi bambo anga ndili mwana, tinakhalako pafupifupi mwezi. Nditaweruka ndinawaimbira Ababa kuwafotokozera. Anafunsa modandaula, "Nanga za handibuleki wamuuza?"