Ndinakulitsa Wilo, Bowo Nalonso Linakula

Tsiku loyamba kugwira kompyuta, ndinanyamula mausi m'mwamba n'kumailozetsa pa sikirini ngati limoti ya TV. Inu owerenga, munthu wotero anayenera kudziopa. Ine sindinadziope, ndipo amene anavutika ndi mnansi wanga.

Zinali zaka zija mafakitale a kuno ku Kafue ankagulitsidwa. Fakitale yathu itatichotsa ntchito, ndinapeza kompyuta yakale yokhala ndi pulogalamu yojambulira zitsulo za makina. Chinthu umachiona mbali zonse, kuchitembenuza ngati chili m'manja. Ndinadziphunzitsa ndekha ndi buku lopanda chikuto. Kwathu ku Estates anthu anayamba kunditchula ba Injiniya, ineyo osakana.

Mnansi wanga, ba Mweemba, anali ndi dimba la tomato ku Shimabala. Mwezi wa Okutobala, tomato ali m'maluwa, pampu yawo inkalephera kukweza madzi kumtunda kwa dimba. Makaniko anawauza kuti wilo la lamba la pa injini n'laling'ono, lipangidwe lalikulu kuti pampu izithamanga. Anabwera nalo kwa ine. Ndinaliyeza, n'kulijambula bwinobwino. Kenako ndinasankha chithunzi chonse, n'kulamula kompyuta kuti ichikulitse. Pakuphethira kwa diso wilo linakula. Ndinaitana ngakhale mkazi wanga kuti adzaone.

Chimene sindinaganize n'chakuti kompyuta sisankha. Ukaiuza kuti kulitsa, imakulitsa zonse. Bowo la pakati, lolowa chitsulo cha injini, nalonso linakula, pomwe chitsulocho chinali chomwe chija. Manambala anali papepala poyera, koma maso anga anali pa kukongola kwa chithunzi.

Ba Mweemba anapita nalo pepalalo kwa amisiri osungunula zitsulo ku Lusaka. Poti chitsulo chopangira wilo latsopano chinachepa, anasungunula wilo lakale lija pamodzi ndi mapoto obooka. Ndine ndinawauza kuti lakalelo lilibenso ntchito.

Titaliika pa injini, wilo linangolowa gwedegwede. Injini inalira, chitsulo n'kumazungulira chokha m'kati mwa bowo, wilo lili duu. Tinatsekera timalata, tinakulunga mphira. Likazungulira pang'ono, lamba n'kuvuka. Kubwerera ku lakale kunalibe. Titapempha wilo lina, amisiri anati tidikire, ali ndi ntchito zina. Dzuwa silinadikire. Ndinkalephera kukhala pansi, kumangopita ku msewu kukafunsa aliyense wotsika basi ngati wamva za wilo. Maluwa a tomato wa kumtunda anayoyoka ine ndikuona, ndipo ana a ba Mweemba sukulu yawo inali m'tomato yemweyo.

Inu owerenga, makamaka inu odziphunzitsa nokha ngati ine, musanakulitse chinthu dzifunseni kuti ndi mbali iti iyenera kukhala momwe ilili. Yezaninso bowo lililonse. Ndipo chakale musataye chatsopano chisanagwire ntchito.

Kuti tipulumutse tomato wa kumunsi, tinayamba kuthirira pamanja. M'mawa woyamba ndinafika ndi manyazi, mawu opepesa ndawakonza njira yonse. Ba Mweemba sanandilole kumaliza. Anandipatsa ndowa yakale, n'kuigwirabe pang'ono osaisiya.

"Ba Injiniya," anatero, "iyi ndowa musaikulitse, chonde napapata. Ili na kabowo pansi."