Dalitso si ndondocha

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinapita ku Phalula kukaona Dalitso, mdzukulu wanga uja akumwa mankhwala a matenda a maganizo. Ndinam'peza manja akunjenjemera, khosi litauma, akuyenda mokoka miyendo. Mayi ake akulira, amvekere, "Azakhali, anthu akuti mwanayu am'sandutsa ndondocha. Tingosiya mankhwalawa."

Ine misozi mbwe. Ndinakumbukira abambo anga nthawi ya atsamunda, ndili kamtsikana ku Liwonde. Mutu utawasokonekera, ankawamanga ndi chingwe pamtengo wa mango kuti asathawire ku Shire. Atabwerako kuchipatala ndi mapiritsi omwewa a lagakitilo, ankayenda chimodzimodzi, dovu likuchucha, tulo tosatha. Mudzi wonse unkati ndondocha.

Koma tsiku lina ndikuwapukuta pakamwa, anandigwira dzanja. "Esinati, wadya?" Panali patapita zaka osanditchula dzina.

Lero Dalitso nayenso wandizindikira, mpaka kundikokera mpando.

Ndiye ndawauza mayi ake aja kuti iyayi, asasiye okha mankhwalawo. Mawa tipite naye kuchipatala, adokotala akaone kunjenjemerako, mwina akachepetsa kapena kusintha mankhwala. Chingwe chija ndinachiona ndi maso angawa, sindifuna kuchionanso. Abale, inu mukuti bwanji?