Dzina pa mzere womaliza

Lamulungu masana, mwezi wa Marichi.

Ndakhala pakhonde pathu ku Syokimau, ndikupukuta inki yofiira pachala koma ikukana kuchoka. Asisi Tadala agona m'chipinda, bondo atalisanjika papilo. Amayi akuyesa ndikuwerenga za mayeso. Ndatopa ngati dzulo ndinathamanga m'bwalo ndine, chonsecho ndinangokhala patebulo.

Ntchito ya patebuloyi sindinaifunsire. Chaka chatha, titangosamukira kuno kuchokera ku Lilongwe potsatira ntchito ya adadi, ndinkadikira asisi amalize kukonzekera basiketibolo kuti tikwerere limodzi sitima yamadzulo. Ndinkakhala pakona pabwalo la sukulu ndi kabuku kano. Tsiku lina Madamu Njeri, kochi wa timu ya atsikana, anaima kumbuyo kwanga n'kusuzumira.

"Chilankhulo chakocho sindikuchimva," anatero, "koma nambala zako zikuwerengeka. Loweruka ubwere."

Ine kukana kumandivuta kuposa ntchito ina iliyonse. Ndinapita.

Anandipatsa pepala la masewero, lula, mabolopeni awiri ndi timatabwa tisanu tolembedwa 1 mpaka 5. Bolopeni yofiira ndi ya chigawo choyamba ndi chachitatu, yabuluu ndi ya chachiwiri ndi chachinayi. Mpira ukalowa, ndimadula nambala ya zigoli n'kulemba pambali nambala ya jezi ya wogoletsa. Oyimbira akaliza wezulo ya faulo, amatembenukira kwa ine n'kuonetsa nambala ndi zala, ine ndimalemba P m'kabokosi ka mtsikanayo n'kukweza kathabwa kuti aliyense aone kuti yakhala yachingati. Kofiira ka 5 kakakwera, watuluka. Timu iliyonse ili ndi mizere khumi ndi iwiri ya maina. Kochi akasaina, masewero n'kuyamba, dzina silionjezedwanso. Lamulo la Madamu ndi limodzi: "Somo, usalembe zomwe ukuganiza. Lemba zomwe waona ndi zomwe wamva." Dzina langa loti Chisomo limawatalikira, ndiye onse amangoti Somo.

Timu yathu ili ndi atsikana khumi ndi atatu, ndiye nthawi zonse mmodzi amatsala. Atatu mwa iwo, kuphatikizapo asisi, amaseweranso kukalabu ina ya m'tauni, ya majezi owala, yomwe imayenda mpaka Mombasa ndi Kampala. Kochi wa kumeneko amajambula masewero awo n'kumanena kuti makoleji akunja amaonera. Chiyambireni asisi kukalabuko, pokonzekera kusukulu amaoneka mwa apo ndi apo. Amangotulukira tsiku la masewero, miyendo itamangidwa mabandeji, n'kugoletsa kuposa wina aliyense. Madamu amadandaula, koma amawalembabe pamwamba.

Amene amatsala kawirikawiri ndi Achieng wa Fomu 4. Si katswiri, mpira umamupulumuka m'manja. Koma sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Mvula ikagwa ndiye amakolopa bwalo, mipira amapopa ndiye, ndipo amandithandiza kunyamula tebulo. Dzulo anali masewero omaliza a pabwalo lathu chaka chino, omalizanso kwa iye. Madamu anamuuza Lachinayi kuti akonzeke, poti asisi anali ndi mpikisano wa kalabu mbali ya ku Kasarani ndipo sizinkadziwika ngati angafike. Mayi ake a Achieng, omwe amagulitsa nsalu ku Eastleigh, anatseka malo awo Loweruka lathunthu n'kubwera ndi thumba la malalanje odulira timu yonse.

Patatsala mphindi makumi awiri kuti masewero ayambe, ndinali nditalemba maina khumi ndi limodzi. Mzere womaliza unali wopanda kanthu. Timu ya alendo inali ndi atsikana ataliatali, ndipo Madamu ankangoyang'ana kugeti. Kenako anandipatsa foni yawo.

"Muimbire mkulu wako. Iwe akuuza zoona."

Foni inaitana nthawi yaitali.

"Asisi, mwanyamuka?"

"Ndikubwera, iwe."

"Koma mwanyamuka?"

"Ndati ndikubwera! Uwauze Madamu ndikubwera."

Kumbuyo kwawo ndinkamva nsapato zikulira pansi, wezulo, ndi mwamuna wina akukuwa dzina lawo kuti alowe.

Kwathu ndikubwera si lonjezo. Adadi amati ndikubwera m'mawa akutuluka pakhomo, n'kudzabwera dzuwa litalowa. Amayi amati ndikubwera ali m'bafa. Munthu amene akubweradi amati ndanyamuka, kapena ndili pageti. Ndinafunsa kawiri, kawiri konse asisi sananene kuti anyamuka. Ndinadziwa. Ndilembe bwino pano kuti ndisadzadzinamize m'tsogolo: ndinadziwa.

"Amesema nini?" anafunsa Madamu m'Chiswahili, kutanthauza kuti wati chiyani.

"Anakuja," ndinayankha. Akubwera.

"Kubwera kwenikweni?"

Atsikana onse ankandiyang'ana. Achieng anali atawerama, akumanga zingwe za nsapato. Ndinaopa kuti ndikanena za wezulo ija, Madamu adzawachotsa asisi mutimu, ndipo kunyumba kudzakhala nkhani yoti ndawaneneza. Ndinaopanso kungolankhula mawu ambiri pagulu. Ndinagwedeza mutu.

"Lemba Tadala, nambala 7."

Ndinalemba ndi dzanja langa, zilembo zokongola zomwe anandilembera ntchito zija. Madamu anasaina, n'kupita kukanong'oneza Achieng. Iye anangovala juzi ya sukulu pamwamba pa jezi n'kukakhala kumbuyo kwa benchi.

Chowawa n'chakuti asisi sanafunike n'komwe. Alendo aja anali ataliatali koma olemera miyendo. Pofika chigawo chachitatu tinali titawasiya kutali, ndipo Madamu anayamba kulowetsa aliyense wa pabenchi, ngakhale a Fomu 1. Aliyense wolembedwa papepala langa. Ndikangopereka chizindikiro chosinthira osewera, mayi a Achieng ankaimirira, foni m'mwamba kuti ajambule, kenako n'kukhalanso pansi. Madamu anapita kwa oyimbira kukapempha kuti dzina lisinthidwe poti nambala 7 sanafike. Oyimbira anabwera patebulo, analoza pomwe Madamu anasaina, n'kupukusa mutu.

Popuma chigawo chachinayi chisanayambe, mayi aja anandiyandikira ndi chidutswa cha lalanje.

"Mwanangu, iwe ndiye uli ndi pepala. Wangayo alowa nthawi yanji?"

Ndinalandira lalanje ndi manja awiri. Ndinati afunse Madamu. Lalanjelo lidakali m'chikwama changa, lauma.

Asisi anafika kutatsala mphindi zitatu kuti masewero athe, pa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, atavala masilipasi, thumba la ayezi litamangiridwa pabondo. Anali atasewera masewero atatu kuyambira m'mawa. Anakhala kumapeto kwa benchi osavula n'komwe jezi ya kalabu. Wezulo yomaliza italira, ndinachita zomwe ndimachita nthawi zonse: ndinatenga lula n'kudula mzere m'mabokosi onse osalembedwa. Pa nambala 7 mzerewo unayenda kuyambira koyamba mpaka kumapeto osakumana ndi kanthu.

M'minibasi, yomwe kuno amati matatu, pobwerera ndinalankhula motsitsa.

"Asisi, munati mukubwera."

"Nanga sindinabwere?" Anaseka pang'ono, kenako bondo linawaluma, anatseka maso. "Kochi anati tikapambana timalize kaye, pali munthu wojambula. Ndikanatani? Iwenso, mwana wa a Phiri, sudziwa ndikubwera?"

"Ndimamudziwa."

"Ndiye unawauziranji kuti andilembe?"

Tisanadutse Imara Daima anali atagona paphewa langa, kukamwa kuli yasa ngati khanda. Sindingathe kuwakwiyira. Kalabu imawafuna Loweruka ndi Lamulungu, sukulu imawafuna pakati pa sabata, adadi amafuna koleji yakunja ija, ndipo bondo ndi lomwelo limodzi. Asisi amauza aliyense kuti ndikubwera chifukwa nawonso kukana kumawavuta. Mwina ndi matenda a pabanja pathu.

Koma chomwe chandisowetsa mtendere si asisi. Titamaliza, Achieng anabwera kudzagwira mbali ina ya tebulo monga mwa masiku onse. Tikulowa nalo mu sitolo yosungiramo zamasewero anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pole, Somo, umechoka." Pepa, watopa. Iye kundipepesa ine. Akuganiza kuti asisi anandinamiza monga ananamizira Madamu.

Chaka chonse sindinalembepo chigoli chomwe sindinachione. Ndinkayesa lamulo la Madamu ndi la bolopeni yokha. Dzulo ndinapereka mawu a asisi ndendende, osachotsa osaonjezera, ndipo linali bodza, chifukwa ndinasiya wezulo yomwe ndinaimva ndi makutu anga.

Masewero aja sabwereranso, ndipo mayi ake Loweruka lawo linapita. Komabe mawa ndikwera sitima yoyamba, osadikira asisi. Achieng amafika molawirira kudzapopa mipira. Ndikamupeza mu sitolo muja belu lisanalire, ndikamuuza kuti ndinamva wezulo pafoni, ndinadziwa kuti sananyamuke, ndipo ndinagwedeza mutu. Ndikatero ndipita kwa Madamu. Mawuwo ndawalemba kale m'Chiswahili pachikhatho ndi bolopeni yabuluu, kuti mawu akandithawa, ndingomutambasulira Achieng dzanja awerenge yekha.